Tisanakweze katundu pa lole: zoyenera kudziwa banja likamasamuka

Kumapeto kwa mwezi uliwonse, makamakanso sukulu zikatsekera, timaona malole atasenza mabedi, matiresi, mipando, mitondo ndi madengu akudutsa m'misewu yathu, mayi atakhala kutsogolo ndi khanda kumanja, bambo ali pamwamba pa katundu atagwira chingwe. Ameneyu ndi mphunzitsi amene wapatsidwa kalata yoti akayambe ntchito kusukulu ina, namwino, wapolisi, katekisiti, kapena bambo amene wapuma pantchito ndipo akubwerera kumudzi atakhala zaka 30 m'tauni. Zonse zimene banja lasonkhanitsa ndi thukuta la zaka zambiri zimakhala pa galimoto imodzi, m'manja mwa munthu amene kawirikawiri tadziwana naye dzulo lomweli.

Ambiri mwa ife tidalirapo pa msamuko. Ena adafika kunyumba yatsopano n'kupeza kabati yamagalasi itasanduka nkhuni, ena wailesi yakanema itang'aluka, ena chikwama chimene munali masatifiketi chitasowa osadziwika kuti chidatsikira pati. Tikafunsana bwino za m'mene zidachitikira, timapeza kuti vuto silidayambire pamsewu ayi. Lidayambira kunyumba, masiku angapo lole isanafike, pamene tidachita manyazi kufunsa mafunso, tidapangana mtengo pakamwa pokha, ndipo tidalongedza katundu usiku wa tsiku lomaliza, ana akulira ndi tulo, nyali ikuthima.

Kodi tikupereka katundu wathu kwa yani?

M'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe muli makampani amene ntchito yawo ndi yosamutsa anthu basi. Amabwera ndi makatoni awo, amalongedza okha, ndipo amanyamula katundu m'galimoto zotseka. Mitengo yawo ndi yokwera, motero amene amawagwiritsa ntchito kwambiri ndi mabungwe, akazembe ndi makampani aakulu. Ife ambiri timapita pamalo pamene pamaima malole ndi mapikapu aganyu, pafupi ndi msika kapena depoti, n'kukambirana ndi amene tampeza. Palibe cholakwika m'zimenezi. Eni malole ambiri ndi anthu okhulupirika amene akudyetsa mabanja awo ndi ntchito imeneyi. Komatu mafunso amene tingafunse kampani yaikulu ndi omwewonso amene tiyenera kufunsa mwini lole wa pamsika, ndipo munthu woona mtima sakwiya nawo.

Funso loyamba ndi lakuti: kodi amene tikulankhula nayeyu ndi mwini galimoto, dalaivala wolembedwa ntchito, kapena dobadoba chabe? Kusiyana kwake n'kwakukulu. Dobadoba amatenga gawo lake la ndalama n'kuzimiririka, ndipo zinthu zikavuta amati iye adangotilumikiza. Dalaivala wolembedwa ntchito nthawi zina amanyamula katundu wathu abwana ake osadziwa. Zimenezi zimachitika kwambiri ndi malole amene akubwerera opanda kanthu atakatula feteleza, simenti kapena fodya. Mtengo wake umakhala wotsika mokopa, pakuti mafuta alipiridwa kale ndi wina, koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Lole yotere ikagwa kapena katundu akasowa, mwini wake adzatiuza mosabisa kuti satidziwa, ndipo adzakhala akunena zoona. Ngati tasankha njira imeneyi chifukwa cha kuchepa kwa m'thumba, tiyeni tilankhule ndi mwini galimoto ngakhale pa foni, avomere ndi pakamwa pake, ndipo atitumizire uthenga wolembedwa wotsimikiza.

Funso lachiwiri ndi la mapepala a galimotoyo. Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu m'dziko muno iyenera kukhala yolembetsedwa ku nthambi ya boma yoona za pamsewu, ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, iyenera kukhala ndi chiphaso chosonyeza kuti idayesedwa ndipo ili bwino, chimene tonse timachitcha COF, komanso inshuwalansi. Ziphaso ziwiri zomalizazi zimamatidwa pagalasi lakutsogolo ndipo aliyense wodziwa kuwerenga angathe kuona tsiku limene zikuthera. Tionenso laisensi ya dalaivala ndi chiphaso chake chaunzika, chimene Amalawi tidayamba kulandira m'chaka cha 2017, ndipo tijambule zonsezi pafoni pamodzi ndi nambala ya galimoto. Wina angati uku n'kukayikira munthu wosalakwa. Ife tikuti lole yopanda mapepala ikaimitsidwa pa rodibuloko ya pa Zalewa dzuwa likuswa mtengo, amene adzakhale pansi pa mtengo ndi ana anjala si mwini lole ayi.

Ikakhala kampani, tipite ku ofesi yake ndi miyendo yathu. Kampani yeniyeni ili ndi malo odziwika, chikalata chosonyeza kuti idalembetsedwa kuboma, nambala ya msonkho ya ku MRA, ndipo imapereka lisiti yokhala ndi dzina lake. Imatumanso munthu kudzaona katundu isanatchule mtengo. Yemwe akutchula mtengo pafoni asanaone ngakhale mpando umodzi, ameneyo adzautchulanso kachiwiri katundu ali kale pa lole, nthawi imene ife sitingathenso kukana. Masiku ano pa Facebook ndi pa WhatsApp pali anthu ambiri otsatsa ntchito yosamutsa, ndi zithunzi zokongola za malole amene mwina si awo n'komwe. Ena mwa iwo amapempha ndalama ya mafuta kudzera pa foni tsiku lisanafike, kenaka nambala yawo imaleka kupezeka. Tisatumize ndalama kwa munthu amene sitidamuone nkhope, ndiponso galimoto yake sitidaikhudze ndi dzanja.

Umboni woposa mapepala onse ndi wa anthu amene munthuyo adawasamutsapo. Tifunse anzathu akuntchito, achibale, anansi ndi akhristu anzathu kumphakati kapena kulimana. Tisangofunsa ngati katundu adafika. Tifunse ngati lole idabwera pa nthawi yake, ngati mtengo udasintha m'njira, ndiponso chimene mwini lole adachita chinthu china chitasweka. Yankho la funso lomalizali ndi limene limaonetsa khalidwe la munthu.

Za inshuwalansi, zimene ambiri timazimva molakwa

Apa tiyenera kuchedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri timapusitsika. Dalaivala akatiloza pagalasi n'kunena kuti galimoto ili ndi inshuwalansi, timakhazika mtima pansi poganiza kuti katundu wathu watetezedwa. Inshuwalansi imene lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo ndi ija imatchedwa third party. Ntchito yake ndi kulipira anthu ena amene galimotoyo yawavulaza kapena kuwaonongera zinthu pamsewu. Mipando ndi firiji zimene zakwezedwa pa lole yomweyo si mbali ya chitetezo chimenechi. Katundu wonyamulidwa ali ndi inshuwalansi yakeyake, imene makampani a inshuwalansi amaitcha goods in transit, ndipo eni malole aganyu ambiri alibe.

Motero ngati kampani ikunena kuti katundu wathu ndi wotetezedwa, tipemphe kuona pepala lake. Tifunse kuti imalipira ndalama zingati zikachuluka, ngati imalipira katundu wobedwa kapena wa pangozi yokha, ndiponso ngati imalipira zinthu zimene tidalongedza tokha. Makampani ambiri savomera mlandu wa mbale zosweka m'katoni imene sadalongedze iwo. Banja limene lili ndi katundu wa mtengo wapatali lingathe kupita lokha ku kampani ya inshuwalansi kukagula chitetezo cha ulendo umodzi wokha. Kumeneko adzafuna mndandanda wa katundu ndi mtengo wa chinthu chilichonse, chimene chikutifikitsa pa nkhani ya kulemba.

Kope la ana asukulu ndi cholembera

Chida champhamvu kuposa zonse pa msamuko ndi kope wamba. Tilembe nambala pa katoni iliyonse, pa thumba lililonse ndi pa chishangani chilichonse, ndipo m'kope tilembe nambalayo ndi zimene zili m'katimo. Kunja kwa katoni tilembe nambala ndi chipinda chimene ikukalowa basi. Kulemba kuti muno muli kompyuta n'kuitana wakuba ndi dzina lake. Zinthu zikuluzikulu monga firiji, sofa ndi makina osokera tizijambule pafoni zisanakwezedwe, kuti pasadzakhale mkangano wakuti chidali chothyoka kale. Pokweza, munthu mmodzi wamkulu aime pakhomo ndi kope, osagwira ntchito ina iliyonse, azingochonga chimene chatuluka. Potsitsa achitenso chimodzimodzi. Katundu wambiri sasowa pamsewu koma pa mphindi zimene akukwezedwa ndi kutsitsidwa, pamene pabwalo padzaza anthu othandiza ndipo aliyense akuganiza kuti mnyamata wanyamula wailesiyo wabwera ndi mnzake. Anyamata onyamula katundu tiwawerenge ndi kuwadziwa mayina asanayambe.

M'kope lomwelo tilembe pangano lathu ndi mwini lole. Silifuna loya kapena Chingerezi. Likhale ndi mayina ndi manambala a ziphaso a mbali zonse ziwiri, nambala ya galimoto, tsiku ndi nthawi, kumene katundu akuchokera ndi kumene akupita, mtengo wonse, ndipo linene momveka ngati mtengowo ukuphatikiza mafuta, onyamula katundu ndi ndalama zolipira pa zipata za pamsewu monga cha pa Chingeni ndi cha pa Kalinyeke. Linenenso kuti lole sidzanyamula katundu wa munthu wina kapena anthu apaulendo m'njira, ndi chimene chidzachitike galimoto ikaonongeka. Asayine onse awiri pamaso pa mboni, aliyense atenge pepala lake.

Nkhani ya mafuta ndi imene imabweretsa mikangano yambiri. Ulendo wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi wa makilomita oposa 300, wochoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu ndi woposa 350, ndipo mwini lole amawerengera ndi ulendo wobwerera womwe. Tidaona m'mwezi wa November chaka cha 2023, ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, m'mene mitengo ya mafuta ndi ya china chilichonse idasinthira m'masiku ochepa. Pangano lopangidwa sabata zitatu zapitazo liyenera kutsimikizidwanso kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Tifunsenso ngati lole yathira kale mafuta okwanira, pakuti takhalapo ndi nyengo zimene dizilo amasowa, ndipo lole yodzaza katundu kugona pamzere wa pa filing'i siteshoni si chinthu chabwino. Polipira, tipereke gawo lina poyamba ndipo lotsala katundu akatsitsidwa ndi kuwerengedwa. Kulipira kudzera ku banki, Airtel Money kapena TNM Mpamba kuli ndi ubwino wakuti kumasiya umboni.

Kulongedza

Mbale zadothi ndi matambula tizikulunge chimodzichimodzi m'nyuzipepala kapena m'zovala zakale, mbale tiziimike cham'mbali osati kuzisanjikiza, ndipo m'katoni musatsale mpata woti zizigwedezeka. Mabuku alowe m'makatoni ang'onoang'ono, pakuti katoni yaikulu yodzaza mabuku imabooka pansi kapena kuthyola msana wa woinyamula. Mabedi ndi matebulo timasule, mabawuti ake tiike m'kathumba n'kukamangirira ku bedi lomwelo. Magalasi a kabati tichotse, tiwakulunge m'bulangete ndi kuwaimika pakati pa matiresi awiri. Wailesi yakanema ya masiku ano, yopyapyala ija, iyende choimirira. Ikagonekedwa, galasi lake limang'aluka ndi mabampu ngakhale palibe chaigunda.

Firiji ili ndi malamulo ake. Tiizimitse kutatsala tsiku lathunthu kuti madzi oundana asungunuke ndipo iume, apo ayi idzanyowetsa makatoni m'njira. Iyende choimirira, itamangidwa. Tikafika tisathamangire kuiyatsa. Iime maola angapo kuti mafuta a mu injini yake abwerere m'malo mwake. Ambiri adaononga firiji yabwinobwino chifukwa chofuna madzi ozizira tsiku lofika. Silinda ya gasi itsekedwe, ichotsedwe ku chitofu ndipo nayonso iime chilili pamalo podutsa mphepo. Palafini, petulo, batire ya sola, feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo zikhale kutali ndi ufa, chimanga ndi zofunda. Ndipo popeza tikunena za tizilombo, msamuko ndi mwayi wosiya nsikidzi ndi mphemvu kunyumba yakale: matiresi ndi mabedi aanikidwe padzuwa ndi kupoperedwa sabata imodzi tisananyamuke, tisakayambe moyo watsopano ndi alendo akalekale.

Pa lole, zolemera zikhale pansi ndi kutsogolo, kufupi ndi kumene kumakhala dalaivala, zopepuka pamwamba. Zingwe zikhale zenizeni, osati malegeni okha. Lona ndi yofunika nyengo iliyonse: kuyambira November mpaka April chifukwa cha mvula, miyezi inayo chifukwa cha fumbi ndi maso a anthu. Tiitambasule tione ngati ilibe mabowo lole isanayambe kudzazidwa. Amene ulendo wawo ukudutsa m'zitunda, monga potsikira ku Chikwawa, pa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, kapena pa Chiweta popita ku Karonga, aonetsetse kawiri za mabuleki ndi matayala, ndipo asalole lole kusenza mopyola muyeso pofuna kupewa ulendo wachiwiri. Ana asakwere pamwamba pa katundu, ngakhale ulendo utakhala waufupi motani. Mpando wothyoka umakhomedwa.

Zimene siziyenera kukwera lole

Pali zinthu zochepa zimene ziyenera kuyenda m'chikwama chapamanja cha bambo kapena mayi. Izi ndi ndalama, mafoni, makadi a kubanki, ziphaso zaunzika, mapasipoti, masatifiketi a sukulu, mapepala a malo ndi a nyumba, makalata a ntchito ndi a penshoni, mabuku a kuchipatala ndi a kusikelo ya ana. Sofa ikasowa tidzagula ina m'tsogolo, koma amene adatayapo satifiketi ya MSCE kapena pepala la malo akudziwa maulendo amene munthu amayenda kuti apeze cholowa m'malo mwake. Mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a TB ndi ma ARV, akhale m'chikwama chomwecho, ndipo amene amalandira mankhwala otere apite kuchipatala kwawo kusanathe kukatenga kalata yowasamutsira ku chipatala cha kumene akupita. Ana asukulu nawo afunika makalata awo. M'chikwama chomwechi tiikemo makadi a ubatizo ndi a ukwati, pamodzi ndi kalata yochokera kwa bambo mfumu yotidziwitsa ku parishi yatsopano. Timaikumbukira mochedwa, mwana akafuna kuyamba maphunziro a Ukaristia.

Palinso katundu amene angatigwetse m'mavuto ndi lamulo. Ambiri timakonda kuponya matumba angapo a makala pamwamba pa lole, makamaka tikamachoka kumudzi kupita m'tauni. Lamulo la za nkhalango, limene lidakhwimitsidwa m'chaka cha 2020, limaletsa kunyamula makala opanda chilolezo, ndipo galimoto yopezeka nawo ingathe kugwidwa. Matumba awiri a makala angachititse katundu wa banja lonse kugona kupolisi. Mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe zimafuna chilolezo cha alangizi a ziweto zisanachoke m'dera lina kupita lina, ndipo kukabuka matenda monga chigodola cha nkhumba, boma limaletseratu kuziyendetsa.

Abale athu obwerera kuchokera ku South Africa ali ndi mtolo wolemera koposa, pakuti katundu wawo amachoka ku Johannesburg, kudutsa pa Beitbridge, m'dziko la Zimbabwe ndi chigawo cha Tete ku Mozambique, asanalowe pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo nthawi zambiri mwini katundu sakhala nawo paulendowo. Kwa iwo mndandanda wolembedwa ndi lisiti n'zofunika kawiri. Amvane ndi wonyamulayo momveka za amene adzalipire msonkho pachipata, ndipo afunse a MRA za malamulo a katundu wa munthu wobwerera kwawo asanakweze kanthu.

Tsiku la ulendo ndi pambuyo pake

Tinyamuke m'mamawa kuti tikafike kukuwala. Kutsitsa katundu mumdima, pamalo achilendo, pakati pa anthu amene sitikuwadziwa, ndi kumene kumasowetsa zinthu. Munthu mmodzi wamkulu wa m'banjamo akwere nawo lole, foni yake ili ndi moto ndi mayunitsi, ndipo wina wotsala adziwe nambala ya galimoto ndi njira imene ikudzera. Poima kuti anthu adye, lole isasiyidwe yokha.

Nyumba imene tikupita tikhale titaiona kale, titatsimikiza kuti amene adalimo atulukadi, makiyi tili nawo, ndipo msewu wofika pakhomo lole ingadutse. Maloko a zitseko zakunja tisinthe tsiku lomwelo, chifukwa sitidziwa kuti makiyi akale ali ndi anthu angati. Tilembe manambala a pa mita ya madzi ndi ya magetsi, kunyumba yakale ndi yatsopano yomwe, pamaso pa eni nyumba, kuti tisadzalipire ngongole ya wina ku ESCOM kapena ku bungwe la madzi. Kumudzi ndi m'madera ambiri a m'tauni, ulemu wake ndi kukaonekera kwa amfumu m'masiku oyambirira. Anansi amene akutidziwa ndiwo amayamba kufuula akaona mlendo akutuluka ndi katundu m'nyumba mwathu.

Chinthu chikapezeka chosweka kapena chosowa, tinene pomwepo dalaivala asanachoke, tilembe m'kope, tijambule, ndipo iye asayine. Nkhani zambiri zimathera pa kukambirana, makamaka ngati gawo lina la ndalama likadali m'manja mwathu. Ikakhala nkhani ya kuba, tipite kupolisi tsiku lomwelo ndi nambala ya galimoto ndi zithunzi za ziphaso zija. Ikakhala kampani imene yaphwanya pangano kapena yatinamiza, tingathe kukadandaula ku bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission, limene limamva madandaulo a ogula, kapena kukapempha uphungu ku Consumers Association of Malawi, ndipo zikakanika, khoti la majisitireti lilipo. Konse kumeneku adzatifunsa pangano, lisiti ndi mndandanda wa katundu, choncho kope lija tisalitaye mpaka katoni yomaliza itatsekulidwa, ngakhale patapita miyezi iwiri.